Milamba ya pa Gulu Siifa

Lachiwiri, 4 Febuluwale
...ndiye mlambawo n'kundikokera m'dziwe, ine ndi zovala zomwe. Kukula kwake ngati ntchafu ya Pak Harjo, wapampando wathu (Pak ndiye bambo kwathu kuno). Chithunzi ndaponya pa gulu la pa foni la ife oweta milamba. Tizithunzi ta chala choloza kumwamba, chovomereza, mbwee. Mlamu wanga Darmaji ati: "Mas, achimwene, mwausendezera ku kamera, bwezani dzanja kumbuyo tione kukula kwake kwenikweni." Nsanje basi. Gululi anatsegula chemwali wathu Mbak Ratih, mlangizi wa za nsomba, ati tiziphunzitsana, zikavuta tizinena. Ine aphunzitsi ndine, ena onsewa ana a sukulu.

Loweruka, 8 Febuluwale
Mvula osakata. Milamba yangoti njo m'madzi, mitu m'mwamba, osadya. Zilonda zofiira pamimba. Yakufa ndowa yodzaza. Pa gulu: moni wa m'mawa, zithunzi za maluwa, Pak Harjo akumwetulira ndi nsomba. Milamba ya pa gulu siifa. Mkazi wanga Sumi: "Funsanitu anzanu, Pak." Katswiri wa Lachiwiri lomweli afunse? Ndingasamuke.

Lolemba, 10 Febuluwale
Fungo la milamba yakufa lofika mpaka kulikulu ku Jakarta. Chakudya cha nsomba chokwera mtengo, ochidya palibe. Madzi oipa ndatayira mu ngalande, potaya pena palibe. Ngalandeyo imachokera kwa Pak Harjo, kudzera kwanga, kutsikira kwa Darmaji. Nsomba za Darmaji ndiye ndalama za ukwati wa mwana wake Lastri, mwezi wamawa. Ndalemba pa gulu: "Abale, kwanga kwagwa matenda, tsekani madzi." Woyankha palibe. Uthengawo wakwiririka ndi maluwa. Anthu osaphunzitsika.

Lachisanu, 14 Febuluwale
Khofi titatuluka mu mzikiti. Pak Harjo pafupi nane, malaya oyera, koma m'manja fungo lija. "Zikuyenda, Pak?" "Alhamdulillah, zanenepa." Kuseri kwa nyumba yawo dzenje latsopano, ndaliona. Wamkulu sufunsa kawiri. Mbak Ratih pa gulu: "Alipo waona zachilendo m'madziwe?" Zala, zala, zala. Ndaseka ndekha mpaka Sumi wandiyang'ana ngati wodwala.

Lachinayi, 20 Febuluwale
Dziwe la Darmaji mimba zokhazokha, zoyera, za milamba yakufa. Taifotsera ndi makasu, ine ndi iye. Sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo ndicho chandilasa. Pomaliza ati: "Mas, wina akanangotsokomola pa gulu paja, ndikanatseka ngalande. Thabwa limodzi likanakwana." Oimba a ukwati awauza asabwere. Lastri watibweretsera tiyi, maso pansi.

Mlamba uja unalidi waukulu, pamenepo sindisintha. Koma za Lolemba ndanamiza ngakhale pepalali. Uthenga uja ndinaulembadi, sindinatumize. Ndinaufufuta Lachisanu poyankha funso la Mbak Ratih. Chala chachitatu chija ndi changa.

Foni yalira. Pak Harjo: moni wa madzulo, maluwa. Darmaji waika chala.