Nkhope ya a Silvesta yatsala diso limodzi

Aphungu,

Ndine wosemasema wa kuno ku Mua, bambo wa ana awiri. Sindinalembedwe ntchito ndi munthu aliyense. Kontirakiti ikapezeka ndimagwira, ikatha ndimabwerera ku ziboliboli zanga zogulitsa pamsewu. Ndakulemberani chifukwa cha nkhani imene anzanga akuti ndi mwayi, koma ine yandiimitsa mutu.

Chaka chatha akhristu a katchalitchi kena ka kuseri kwa Golomoti anandipatsa ntchito yosema Njira ya Mtanda: matabwa khumi ndi anayi a mlombwa oonetsa masautso a Ambuye, oti akhale atapachikidwa kukhoma Lenti ikubwerayi isanayambe. Tinasainirana pepala ndi komiti yawo. Amandilipira thabwa likatha. Ndalama zake n'zochepa, koma sanandizungulitsepo.

Chinandipalamulira ndi nzeru zanga zomwe. Ndinati m'malo mokopera nkhope za m'mabuku, bwanji ndiseme nkhope za anthu a komweko, kupatula ya Ambuye yokha. Anthu anakondwa zedi. Veronika, uja anapukuta nkhope ya Ambuye, ali ndi nkhope ya a Malita, amene amagulitsa usipa pa Mtakataka. Amayi a ku Yerusalemu ndi amayi a kwaya, ndipo anakanganirana woti akhale kutsogolo. Koma titafika pa msilikali wokhoma misomali, aliyense anayang'ana kumbali. A Goodson, apampando a komiti, anati, "Ine ayi amisiri, ndili ndi adzukulu. Azidzati agogo ndi amene anakhomera Ambuye?" Posowa munthu, ndinatenga galasi n'kusema nkhope yanga yomwe.

Tsono mwezi wathawu bambo wina amene akumanga hotela ku Lilongwe anaona zithunzi za matabwawo pa foni ya mnzake. Anabwera pagalimoto mpaka pakhomo panga. Akufuna ndikamusemere zitseko, mizati ndi mipando, ntchito ya chaka chathunthu, malipiro oti sindinawagwirepo chibadwire. Vuto n'lakuti akufuna ndiyambe Khirisimasi isanafike. Nditamuuza za ku Golomoti anangoseka n'kuti, "Matabwa a kumudzi angakumangeni? Apezereni mnzanu amalize."

Atsala matabwa atatu amene sindinawakhudze, ndi limodzi limene lili pakati. Limeneli ndi la Simoni wa ku Kirene, uja anathandiza kusenza mtanda. Nkhope yake ndi ya a Silvesta, nkhalamba imene inaumba nawo njerwa za tchalitchicho. Anachedwa kuyamba kubwera kudzakhala pampando kuti ndiwaseme chifukwa ankadwala. Maso awo akuchita ng'ala, moti akamabwera pa kabaza dzuwa lili phwee, amayamba agwiragwira thabwalo ndi zala. Mbali imodzi ya nkhope ndinamaliza, inayo ikadali thabwa losasema. Tsiku lina atapapasa anati, "Mbali inoyi ilibe diso? Ndiye mwandisema zoonatu amisiri." Tinaseka, kenako iwo anawonjezera kuti, "Koma fulumirani, ndikufuna ndidzione diso langa linali lisanatseke."

Pepala lathu likuti mbali iliyonse ikhoza kusiya itapereka chidziwitso cha mwezi umodzi. Mkazi wanga Lydia akuti, "Pepala lakumasulani, inu mukudzimanga nokha. Denga likudonthali lifoleredwa ndi nkhope ya a Silvesta?" Sakunama. Ndinafunsanso Onani, mnzanga amene tinaphunzira naye kusema, ngati angamalize thabwalo. Anakana. Akuti nkhope imene wina anaiyamba siimalizidwa ndi dzanja lina, imatuluka ya anthu awiri.

Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi, Aphungu. Ngati pepala likundilola kuchoka, n'chiyani chikundigwira mwendo? Kodi ndi chikumbumtima, kapena ndi mantha chabe a munthu wosazolowera tauni? Nanga anzathu a makontirakiti a m'maofesi amatani zikatere?

Y.K., Mua

A Y.K.,

Ndiyambe n'kuvomera kuti kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko chifukwa chongofuna kudziwa. Sindinkadziwa kuti nkhope ya pathabwa imazindikira dzanja la mwini wake. Ndipo tsiku lina ndidzatsika minibasi pa Golomoti kuti ndidzaone amene anapambana pa mkangano wa amayi a kwaya uja.

Tsono ku funso lanu. Kufuna malipiro abwino si tchimo, ndipo mayi a kunyumba asaoneke ngati ouma mtima. Munthu wa makontirakiti alibe penshoni, alibe tchuthi cholipidwa. Ntchito yabwino ikagogoda, ayenera kutsegula chitseko n'kumva zimene yabwera nazo. A m'maofesi aja amachokadi, ena mwaulemu, ena mozemba. Ozembawo dzina lawo limawatsogolera kumene akupita.

Chikukugwirani mwendo si mantha a tauni. Inu munalonjeza kawiri. Lonjezo loyamba lili papepala, ndipo lili ndi khomo lotulukira la mwezi umodzi. Lachiwiri munalonjeza tsiku limene munakhazika munthu pampando n'kumuuza kuti asagwedezeke. Wokhoma matailosi akachoka, wina amapitiriza pomwe iye walekera ndipo palibe angadziwe. Inu munabwereka nkhope za anthu amoyo. Pa lonjezo limenelo komiti singakumasuleni, chifukwa si komiti imene inakhala pampando paja.

Choncho musayese kuti matabwa anayi otsalawo ndi mtolo umodzi. La a Silvesta lili palokha. Limalizeni musanaganize n'komwe za basi ya ku Lilongwe, ndipo muyambe mawa. Ziboliboli za pamsewu zidikire. Ng'ala siwerenga pepala lanu la mwezi umodzi. Pamene muli pomwepo, auzeni ana awo apite nawo kuchipatala akapimidwe maso, poti ng'ala zambiri madokotala amachotsa. Koma inu musadalire zimenezo kuti muchedwe.

Kenako muimbireni bambo wa hotela uja. Mumuuze mosapita m'mbali kuti ntchito mwaifuna, koma muli ndi ina m'manja yoti ithe Lenti isanayambe. Mufunseni ngati mungayambe ndi zinthu zoti mukhoza kusemera kwanu, monga mipando, n'kumatumiza. Ine ndikudabwa, kodi hotela imene ikumangidwa kumene ikufuna zitseko zosema lero lomwe? Funsani, mwina mupeza kuti Khirisimasi ija anangoitchula pofuna kukufulumizitsani. Kumbukiraninso chimene chinamuyendetsa ulendo wonse uja. Anaona matabwa a kumudzi omwewo amene akuwaseka. Osema ku Lilongwe aliko ambiri, koma iye anawadutsa n'kubwera kwa inu. Amene wafunidwa chonchi ali ndi mphamvu yopempha miyezi iwiri.

Zonse zimene angavomere zikhale papepala: ntchito yake, malipiro ake ndi nthawi yolipira, kogona, wogula mitengo, ndi zimene zidzachitike iye akadzafuna kusiya pakati. M'kalata yanu ndaonamo galimoto ndi kuseka, koma pepala lochokera kwa iyeyo sindinalione. Musasiye ntchito yosainirana chifukwa cha ntchito ya pakamwa.

Kwa a Goodson pitaniko sabata ino, ndi miyendo yanu. Galimoto yachilendo itaima pakhomo panu anthu anaiona, ndipo nkhani zotere pa msewu wa M5 zimathamanga kuposa minibasi. Akamva kwa kondakitala, mudzavutika kufotokoza. Auzeni zonse, ndi za denga lomwe. Mukhoza kuwapempha kuti Onani akuthandizeni pa matabwa atatu aja: iye azipala thabwa, azisema mitanda, zovala ndi mitengo, inu muzingosema nkhope ndi manja. Iye anakana kumaliza nkhope yoyambidwa, sanakane kugwira sompho. Mukatero ntchito ya miyezi itatu ikhoza kufupika, ngakhale kuti malipiro mudzagawana.

Nanga wa hotela akakaniratu kudikira? Apo mukhale pansi ndi a Lydia, chifukwa denga ndi la nonse. Mukaona kuti mwayiwu simungausiye, perekani chidziwitso chanu cha mwezi umodzi molemba, mumalize a Silvesta, ndipo atatu osayambidwawo muwasiye m'manja mwa Onani komiti itavomera. Kutero si kuthawa, ndipo ine sindingakudzudzuleni. Kuthawa ndi kusiya nkhalamba ili ndi diso limodzi pathabwa n'kuzimitsa foni.

Chenjezo langa lili pawiri. Munthu amene akukuuzani mosavuta kuti musiye anzake panjira, mumuyang'anitsitse, chifukwa ndi mmenenso amaonera mapangano ake. Ndipo inuyo musaiwale chimene munachita ndi galasi lija. Osema ena akachoka moipa, anthu amaiwala nkhope zawo pakapita zaka. Yanu munaikhomera nokha kukhoma la tchalitchi, nyundo ili m'manja. Lenti iliyonse anthu a ku Golomoti azidzagwada patsogolo pake, ndipo mwana wina adzafunsa ndithu kuti, "Amayi, msilikali uyu ndi ndani?" Yankho la mayi ameneyo mukulisema inuyo mwezi uno.

Nolani tchizulo, a Y.K. A Silvesta akudikira diso lawo.

Aphungu