Mbale ya Udzu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Ine kuno ndikudzuka ndithu, koma ndi thupi lokha limene likudzuka. Ndiyamba ndi nkhani zabwino, paja munkati mlendo sumuuza za maliro asanakhale pansi.

Mimba imene munamusiya nayo mpongozi wanu Esinati ija inatipatsa mwana wamkazi. Tinamutcha Aginesi, dzina lanu. Akayamba kulira, mudzi wonse umadziwa kuti dzinalo silinasochere. Mwana wathu woyamba Yohane wayamba sukulu ndipo wataya kale masileti awiri. Achemwali a Lute anakolola nandolo wambiri pamunda wanu wa kumtsinje uja, koma mpunga mbalame zinawalanda, poti palibenso wozikalipira ngati inu. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yoyamba. Matemba a ku Chilwa ayambanso kuoneka pamsika, ndipo ndikawaona ndimakumbuka mmene munkawanunkhizira musanafunse mtengo.

Zabwino zathera pamenepa, Amayi. Tsopano khalani pansi.

Buku lija linatuluka, lija munkati likungotha palafini. A kampani yosindikiza mabuku ya ku Blantyre analitenga, ndipo dzina lake ndi Khasu la Eni. Wofotokoza nkhani m'bukumo ndi mkamwini, ndipo amasimba za apongozi ake amene ndinawatcha Nasibeko. Nasibekoyo ndinu, Amayi. Ndinaikamo kayendedwe kanu, kutsokomola kwanu kwa pakhomo musanalowe, mpaka nyimbo imene munkaimba posinja. Ndinaikamonso za mbale ija. Mukukumbuka chaka chimene alamu a Fulaye, amuna awo a achemwali a Lute, ankapalira mongokanda pamwamba n'kuthawira ku bawo? Inu munawatsata m'mizere, n'kuzula dawe ndi khovani yense amene anasiya, n'kuika m'mbale yamalata ya mkombero wabuluu, n'kuvundikira bwinobwino. Munatuma mwana kukawaikira pamphasa, inu mutaima kuseri kwa nkhokwe, nimuti, "Auzeni adye, ndi zimene alima." Sabata isanathe, khasu ndi mphasa yawo zinali panjira. Ife ana tinkaseka mobisa kuti mukanaikamo chisoso bwenzi atadya.

Koma ndinalembanso mutu wina, Amayi, umene ndinaulemba ndikulira. Ndi wa chaka cha njala, pamene munkaphika kalongonda tsiku lonse kuti atuluke ululu, n'kutigawira ife, inu n'kunama kuti mwadya kale. Ndi chaka chimene munaika m'manda mng'ono wanga Samuyeli. Kuchokera pamenepo udzu wa m'munda munkauona ngati mdani wakupha mwana. Munthu akawerenga mutu umenewo, mbale ija amaimvetsa. Ine ndinkaganiza kuti anthu amawerenga buku mpaka kumapeto.

Mwezi wa Disembala, chimanga chili m'mawondo, a kampani anandiitana kuphwando la olemba mabuku awo ku hotela ina ku Blantyre. Ndinabwereka jekete kwa ahedi a pasukulu pathu, manja ake ofika kuzala, n'kukwera basi pa Zomba. Amayi, mukanaona! Pansi ponse nsalu yofewa, moti ndinkayenda monyang'ama kuopa kuidetsa. Chakudya chake tinyama tobaya pa timitengo tonga totokosera m'mano, ndipo anthu onse, azungu ndi mabwana a zamaphunziro omwe, ankadya chiimire. Ndinakumbuka mawu anu akuti wodya chiimire ndi wakuba, ndipo ndinayang'anayang'ana mpando, koma panalibe. Komabe ndisakunamizeni, ndinakondwa. Buku langa linali pathebulo, dzina la bambo anga lili pachikuto, anthu ovala mataye akulitembenuza. Ndinalakalaka mukanakhala pakhomo paja, ngakhale mongosuzumira.

Kenaka anabwera bambo Kalino, amene amayendetsa malonda a mabuku pakampanipo. Anandigwira paphewa nati, "Aphunzitsi, mukaitanidwa muwerenge pa mbale paja." Ndinati ndakonzekera mutu wa chaka cha njala. Iwo anaseka nati, "Anthu ali ndi matambula m'manja, inu mukufuna muwalize? Mbale ndi imene igulitse bukuli." Ndinawerenga pa mbale. Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi, ndipo mayi wina wa ndolo zazikulu anakuwa kuti, "Koma apongozi anuwo ndi chilombo!" Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma anali atandikokera kale kuthebulo kuti ndizilemba dzina langa m'mabuku. Pambali panga panali munthu wa kuwailesi ndi makina ake ojambulira mawu, ndipo ndinamumwetulira ngati chitsiru.

Pobwerera anandipatsa katoni ya mabuku kuti ndiziyenda nawo m'masukulu. Ndinamanga katoniyo panjinga n'kuyamba kuzungulira, kuchokera kuno ku Naisi, kudutsa kwa Malemia, Songani, Malosa, mpaka kufupi ndi ku Liwonde. Ahedi ena ankati ndibwere teremu yamawa. Ena ankapempha limodzi laulere loti aone kaye, ndipo mpaka lero akuonabe. Mvula inandipeza panjira kangapo, moti ndinkavula jekete la eni lija kufunditsa katoni, ine n'kumanyowa. Masiku onsewo munda umene apongozi anandipatsa unali kudikira khasu. Esinati ali ndi khanda kumsana anapalira pamene anatha, kwinako udzu unapitirira chimanga.

Ndiye Lamulungu lina masana, anthu atadzaza pagolosale ya pa Naisi kumvera wailesi, anamva mawu anga. Woulutsa ananena ndithu poyamba kuti ndi nkhani ya m'buku, koma ndani amamvera poyambira? Chimene anamva ndi ine Elitoni, mkamwini wa kwa a Mateyu, akunena ndi pakamwa pake dziko lonse likumva kuti, "Apongozi anga anandiikira udzu m'mbale." Anatembenuka n'kuona munda wanga uli tchire. Anafunanso umboni wina wanji?

Amayi, inu mukuwadziwa amayi ake a Esinati. Ndi munthu woti nkhuku ikalowa m'nyumba amaipempha kuti ituluke. Chikwatire pamudzi pano sanandinenepo kanthu, ndipo tikakumana panjira amapatukira kutchire mwaulemu monga mwa mwambo. Lero kuchitsime akuwatcha Nasibeko. Ana akawaona amafunsana kuti ndiwo zalero n'chiyani. Sabata yatha wina anawaikira mbale ya udzu pakhonde, yovundikira bwinobwino. Asiya kupita ku Mvano, asiya kupita kutchalitchi, amangokhala m'nyumba chitseko chotseka. Usiku wina ndinawamva akulira, ine amene sindiloledwa ngakhale kuima pakhomo pawo kuti ndipepese.

A Mateyu, amalume ake a Esinati, anabwera okha osatuma munthu. Sanalole kukhala pampando. Anati, "Bambo, ife tinakupatsani munda, tinakupatsani mkazi. Inu mwatibweza ndi wailesi." Ndinawauza kuti nkhaniyo si ya mlongo wawo. Anati, "Ngati si yake, ndi ya yani? Munthu salota mbale ya mkombero wabuluu. Loweruka ankhoswe akumana, ndipo tiitana mudzi wonse ndi amayi a Mvano. Mukatchule dzina la mwini mbaleyo pamaso pa anthu, mubwere ndi mboni. Mukalephera, khasu lanu ndi mphasa mukazipeza panjira. Ana ndi athu, zimenezo mukuzidziwa."

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinaseka alamu a Fulaye ndili mwana, ndinawasekanso m'buku, lero njira imene anayenda ija yandiyang'ana.

Ndinapalasa njinga kupita kwathu ku Domasi Mishoni kukaonana ndi achemwali a Lute. Ndinawapeza akusankha nandolo pakhonde panu. Anandimvera mpaka kumapeto, osakweza mutu, kenaka anati, "Achimwene, amayi anaikidwa ndi nyimbo, atavala zoyera za Mvano. Abusa anawatchula kuti mzati wa mpingo. Inu mukufuna mukawafukule kuti anthu a ku Naisi akawaseke? Nkhani ija inali ya m'nyumba. Ukwati umene unatha ndi wanga, manyazi ndi anga, ndipo ndakhala chete zaka zonsezi. Mukakatchula dzina lawo, pakhomo pano musadzapondeponso." Ndinati, nanga ana anga? Anati, "Munawaganizira pamene munkawerenga?" Ndinachoka osamwa ngakhale madzi.

Mboni ilipo imodzi yokha, alamu a Fulaye. Ndinawapeza pa Songani, pamene amasoka zovala pakhonde la sitolo. Atamva anasiya makina n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati, "Alamu, ndibwera. Ndi njinga yanga, simundilipira. Ndikanena zonse, ndi zimene simunalembe zomwe." Maso awo sankaseka, Amayi. Munthu uja wakusungirani mawu zaka zambiri, ndipo Loweruka ndine amene ndikamutsegulire pakamwa.

Ndinapitanso ngakhale ku Blantyre kwa bambo Kalino, kukapempha kuti alembe kalata, kapena apemphe a wailesi kuti ndikawerengeko mutu wa chaka cha njala. Anandipatsa tiyi. Anati, "Aphunzitsi, simukuona mwayi? Buku limene anthu akukanganirana ndi limene limayenda. Masitolo a ku Zomba ayamba kulifunsa." Anandifunsa ngati ndingalembe lina la Nasibeko yemweyo, loseketsa kuposa loyambali. Ndinatuluka tiyi ndisanamalize, ndipo m'basi ndinkangoyang'ana pawindo kuti anthu asaone nkhope yanga.

Esinati sakalipa, ndipo ndi chimene chikundipha. Ndinamufotokozera zonse, za inu, za alamu, za Samuyeli. Ndinamuonetsa mbale yeniyeniyo, poti pogawana katundu wanu ndinapempha imeneyo, ndipo ndi imene Yohane amadyera phala. Anaitembenuza, n'kuona mkombero, n'kuibwezera pansi. Anati, "Bambo a Yohane, ine ndakukhulupirirani. Amayi anu ndinkawakonda, anandisambitsa nditadwala. Koma amayi anu anagona, sakumva kuseka kwa kuchitsime. Anga ndi amoyo."

Amayi, ndithandizeni. Sindikudya, sindikugona, m'kalasi ndimalemba pabolodi n'kuiwala chimene ndimalemba. Ndikakhala chete, ndisunga dzina lanu ndi mlongo wanga, koma ndichoka pamudzi pano ndi mphasa kumutu. Yohane azidzandiona pamsika ngati mlendo, ndipo Aginesi adzakula akuitana munthu wina kuti bambo, osadziwa kuti dzina lake linachokera kwa yani. Ndikalankhula, ndikuimikani pabwalo la eni inu mulibe pakamwa podziyankhira, a Fulaye akuthireni matope, amayi a Mvano amene anakuimbirani akumva. Dzulo ndinapita kumanda kwanu kuti mwina mundiuze kanthu. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinangomva njiwa.

Koma pobwerera, ndikuwoloka mtsinje wa Domasi njinga ili paphewa, ndinakumbuka tsiku lina la chaka cha njala chija. Munavula mpango wanu wa kutchalitchi, n'kupita kukagwada pakhomo pa mayi amene munali musakulankhulana naye, kukapempha gaga. Anthu anakusekani. Mutabwera ndinakufunsani ngati simunachite manyazi, ndipo munati, "Manyazi a wamkulu sagoneka mwana ndi njala." Munanena mukupeta gagayo, osandiyang'ana n'komwe. Sindikudziwa ngati mawu amenewa munandisiyira kuti ndidzawagwiritse ntchito pa inu nomwe. Mwina ndikungowakokera kumene ndikufuna, paja munkati ine ndikafuna chinthu ndimapeza vesi. Koma ndilibe ena, Amayi.

Choncho Loweruka nditenga mbale ija, ndikaima pamaso pa a Mateyu ndi anthu onse, ndipo ndikanena kuti Nasibeko ndi Aginesi, mayi anga ondibereka. Ndikapepesa apongozi kudzera mwa ankhoswe, nditagwada. A Fulaye akanene zimene akanene, ndipo ndikamvera zonse osawadula, chifukwa nawonso mbale ija inawawawa. Koma akakamaliza sindikakhala pansi. Ndikatsegula buku pa mutu wa Samuyeli, ndipo ndikawerenga mpaka kumapeto, ngakhale anthu atayamba kunyamuka, ngakhale patatsala mbuzi zokha. Achemwali a Lute mwina sadzandilankhulanso. Ngati kumeneko mumatha kufikira anthu kutulo, pitani kwa iwo, osati kwa ine.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine. Musakhudze mwana, ali ndi dzina lanu.

Ndikulonjeza, Amayi, kuti akandisiya pamudzi pano, Aginesi akadzayamba kumva ndidzamuuza za inu nonse, kuyambira kalongonda, mbale n'kubwera pambuyo. Ndipo zikatha izi, kaya zitha bwanji, ndibwera ndi khasu. Dzulo ndinaona kuti dawe wamera kumutu kwanu, ndipo ndinachita mantha ngati mwana. Ndidzapalira ndekha, mozama, osati mokanda pamwamba. Mukadzanditsata m'mbuyo simudzapeza kanthu koika m'mbale.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munkati pakamwa pake padzamugulitsa,

Elitoni