Supuni ya bambo ake yamutseka pakamwa mwana wanga

Aphungu,

Ndithandizeni, mtima wanga suli m'malo. Mwana wathu wamkazi tinkamutcha Wailesi, chifukwa akangoponya chikwama pampando, nkhani za kusukulu zinkayamba osapumira. Ndiye bambo ake anaika lamulo loti patebulo tizilankhula Chingerezi chokhachokha kuti mwana adzakhoze mayeso. Akalakwitsa, iwo amagogoda kapu ndi supuni, ngwe! Pomwe amapunthwa kwambiri ndi pa timawu tonena kuchuluka kwa zinthu.

Mwezi watha anayamba nkhani, nkhope ili yakugwa: "Much girls in my class..." Ngwe! "Many girls. Atsikana amawerengeka, si madzi. Bwereza." Anabwereza. Atati "some of they", ngwe! Mwana anangoti, "Basi, palibe," n'kuweramira mbale. Mpaka lero sindikudziwa kuti atsikanawo anamutani.

Masiku ano ukamufunsa za kusukulu amangoti "fine". Nditawadandaulira bambo ake anati, "Mmera mpoyamba, udzandithokoza." Amamukonda mwana wawo, sindinganame, komatu m'nyumba mwangoti zii, ndipo ine ndikuopa. Nditani?

E. K.,
kuseri kwa depoti ya mabasi

Mayi,

Amuna anu sakulakwitsa Chingerezi, akulakwitsa nthawi. "Many" ndi wa zinthu zowerengeka, "much" wa zosawerengeka, ndipo mwanayo adzazigwira ndithu. Koma tsiku lija sanabwere ndi phunziro, anabwera ndi vuto.

Yambani ndi mwana, lero lomwe. Mutengeni kotsuka mbale, awiriwiri, mucheze m'chilankhulo chanu. Musamupanikize ndi mafunso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamva kuti anzake akumuvutitsa, kaonaneni ndi aphunzitsi ake.

Bambowo alankhuleni mwana kulibe, osawanyoza, pakuti cholinga chawo n'chabwino. Afunseni chinthu chimodzi: "Kodi nkhani ya atsikana ija inatha bwanji?" Adzazindikira kuti anaidula okha, ndipo zidzawaluma. Pamenepo apempheni kuti Chingerezi chikhale ndi nthawi yake, kaya Loweruka, atakhala ndi buku, aziwerenga limodzi mabotolo ndi kuyeza madzi. Patebulo mwana azimaliza kaye nkhani yake, m'chilankhulo chilichonse chomwe chabwera pakamwa. Supuni ibwerere ku ntchito yake yotakasa tiyi.

Koma musazengereze, mayi. Mwana sasiya kulankhula, amangosintha womuuza. Mukachedwa, adzapeza khutu lina kunja kwa mpanda, ndipo mwini khutulo simudzamusankha inu.