Kiyi wa Chipinda cha Makina

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumbako. Kuno tilipo.

Mayeso a netiweki aja ndilemba pa 14 mwezi wamawa. Ndikakhoza ndidzakhala ndi satifiketi yoyang'anira kulumikizana kwa makompyuta a pa ofesi. Buku ndalimaliza kawiri, koma ntchito imeneyi siilowa m'mutu ndi kuwerenga kokha, imafuna manja.

Ndiye Lachiwiri la sabata yatha, nthawi ya nkhomaliro, ndinati ndiyeserere pa rauta, kachipangizo kolumikiza makompyuta, ya ku nthambi ina ya ofesi yathu, ndili pa desiki panga pomwe. Ndinalemba lamulo lotseka njira zosafunika. Lamulolo linagwira bwino ndithu, kungoti linatsekanso njira imene ineyo ndinalowera. Kuti zikonzeke panafunika munthu apite komweko ndi chingwe cha kompyuta, ulendo wa maola anayi. Nthambiyo sinagwire ntchito mpaka mawa lake. Buku limachenjeza zimenezi pa tsamba 212, ndipo ndinali nditadula kale mzere wofiira kunsi kwake.

Abwana, anzanu aja munakandipemphera ntchito kwa iwo, sanakalipe. Anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi wa chipinda cha makina, n'kunena kuti, "Pitani mukawerenge bwino, tikuyimbirani." Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.

Amayi akudziwa za mayeso zokha, ndipo ndikanakonda zikhale choncho. Abwanawo akayamba kuyimbira inu, mudzangondiuzako mmene mawu awo akumvekera.

Za kukonzekera musade nkhawa. Masiku ano nthawi yowerenga ndili nayo yambiri, kuyambira m'mawa.

Ndine mwana wa mlongo wanu.