Akalulu Ndi a Agalu

Kanakantapa,
Chongwe.
22 Okutobala, 1995.

Okondedwa alongo anga a Rosaria,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Katete. Ine kuno ndilipo, kungoti dzuwa latiwamba ndipo chitsime chathu chatsala matope okhaokha.

Uthenga wanu unandipeza kudzera mwa a Lister, mayi aja amabweretsa mtedza pamsika wa Chongwe. Akuti mkazi wanga Jenala anafikira kwanu ndi mwana wathu Peace, ndipo mwati ndisabwere mpaka mutandiitana. Ndamva, ndipo sindifuna kukangana nanu, pakuti ndinu amene munandilera amayi atamwalira. Koma mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Ndiloleni ndikuuzeni zonse monga zinachitikira, kenaka muone nokha ngati pali chifukwa choti mkazi athawire banja.

Mukudziwa kuti kampani yathu itatsekedwa ndinachoka ku Lusaka n'kubwera kuno kudzalima. Chimanga chinapserera m'munda chisanabereke. Ndikanakhala ngati anzanga amene tinachotsedwa nawo ntchito, bwenzi pano ndikugona kumowa. Ine ndinakhala pansi n'kuganiza. Ku Lusaka mbava zachuluka, ndipo aliyense womanga nyumba ya mpanda akufuna galu woopsa. Choncho ndinagula agalu awiri achizungu, a makutu oima aja. Wamphongo ndinamutcha Denja, wamkazi Shila.

Wondiphunzitsa kawetedwe kake anali Lawson, mnzanga amene anasamalapo agalu pafamu ya mzungu wina. Iye anati galu wotere sapatsidwa makombo. Amadya nyama yaiwisi, ndipo yoposa zonse ndi ya kalulu, wathunthu: ubweya, mafupa, chiwindi, matumbo omwe. Anati fupa lophika limathetheka n'kubaya galu m'mimba, pamene laliwisi amalitafuna bwinobwino. Ndinamanga makola kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuweta akalulu. Alongo, mukanaona mmene agaluwo anasinthira! Ubweya kuchita kung'anima, mano oyera mbee, chifuwa ngati cha mwana wang'ombe. Anthu ankaima panjira kuti awaone.

Ntchito yothyolera akalulu chisoso ndi kholowa ndinapatsa Peace. Ankaikonda kwambiri. Akaweruka kusukulu ankathamangira kumadimba ndi thumba, osavula ndi yunifomu yomwe, ndipo madzulo mukanamumva kuseri kwa nyumba akucheza nawo, akuwaimbira nyimbo za kusukulu ngati ndi anthu. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo ndinalinena poyera: akalulu ndi a agalu. Ife tidzadya nyama agalu akagulidwa.

M'mwezi wa Ogasiti Peace anadwala malungo. Atayamba kupezako bwino, Jenala anandigwadira nati, "Atate a Peace, nipemphako kalulu mmodzi chabe. Mwana alibe magazi, onani m'maso mwake mmene mwayerera."

Ndinakana. Munthu ukalola mmodzi lero, mawa akupempha wina, ndipo bizinesi imafa choncho. M'mawa mwake ndinapita ku Chongwe kukagula mankhwala a nkhupakupa. Pobwerako, fungo linandichingamira ndisanalowe pabwalo. Jenala anali atapha kalulu, ataphika, mwana atakhala pamphasa mbale ili pamiyendo, akudikira kuti izizire.

Sindinakalipe ayi. Ndinangotenga mbale ija ndi mphika womwe. Agalu sindikanawapatsa popeza mafupa anali ophika, choncho ndinakakhuthula zonse m'chimbudzi. Ngati Jenala wakuonetsani chipsera pamwamba pa diso, dziwani kuti ndinangomukankha pamene ankalimbirana nane mphika. Chimene chinamutema ndi lata la pachitseko.

Mwezi wathawu kunabwera a Chabala, bambo wamalonda amene akumanga nyumba ku Silverest. Mbava zinali zitawavutitsa, ndipo ankafuna kugula Denja. Koma atangotsika m'galimoto, chitsiru cha galu chinayamba kuwagwedezera mchira n'kumawanyambita dzanja pawaya. Bamboyo anaseka mpaka kugwira m'mawondo.

"Ba Mervin, uyu ni galu olo ni nkhosa?" anatero. "Ine nifuna galu wakuti kawalala akamuona azikodzera. Nizabwera futi. Ngati akali so, nizayenda kwina."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo ngakhale pamene ankatichotsa ntchito. Ndinazindikira kuti cholakwa chinali changa, chifukwa ndinkawapatsa akalulu ophedwa kale. Galu wodyera m'mbale sadziwa kugwira. Ndinayamba kuwamana chakudya, ndipo njala ikawakola ndinkawaponyera kalulu wamoyo. Lawson atandipeza ndikuchita zimenezo anagwira pakamwa.

"Iwe Mervin, ichi sininakuphunzitse ine," anatero. "Ipha poyamba, ndiye upase galu. Uwononga agalu, uwononga na mwana wamene aona izi."

Kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo panga. Ndi nsanje chabe, alongo. Anaona kuti wophunzira wamupitirira.

Tsono panali kakalulu kena koyera, ka khutu limodzi logwa, kamene Peace anakatcha Mutinta, dzina la mnzake wa kusukulu amene anasamuka. Nditayamba kuponya amoyo, kakalulu kameneka kanasowa m'khola. Nditafunsa, mwanayo anati mwina chitseko chinatseguka chokha. Mwana wanga wobereka ndekha, kundinamiza akundiyang'ana m'maso!

Loweruka lina a Chabala anabweranso, ulendo uno ndi akazi awo. Ndinalowa m'khitchini kukawatengera mipando, ndipo ndinamva kanthu kakukanda pansi pa dengu lovundikira. Nditavundukula ndinapeza Mutinta, ali ndi kambale ka madzi ndi masamba.

Ndinaitana Peace pamaso pa alendo. Ndinamuuza kuti anyamule kalulu wakeyo tipite kumpanda wa agalu. Anagwada n'kundigwira mwendo.

"Atate, uyu yekha musiyeni. Sinizapemphanso nyama. Nizathyola masamba ambiri, olo sukulu nisiye. Atate, chonde."

Alongo, mwana wobisa kalulu lero adzabisa zazikulu mawa. Ndinamunyamula m'chiuno pamodzi ndi kalulu wakeyo mpaka pamwamba pa waya, ndipo ndinati, "Taya." Iye anamukumbatira zolimba. Jenala anathamanga kuchokera kuchitsime akukuwa, koma ndinali nditatseka geti lolowera kumene tinaliko. Ndinatambasula zala za mwanayo chimodzichimodzi. Choncho Jenala akakuuzani kuti ndinaponya ine akunama. Kaluluyo anagwa kuchokera m'manja mwa mwini wake.

Kaya munamvapo kalulu akulira. Amalira ngati khanda. Denja anagwira kumutu, Shila kumiyendo. Peace ankafuna kubisa nkhope pachifuwa panga, koma ndinamugwira chibwano kuti aone, chifukwa mwana salapa ndi chinthu chimene sanachione. Akazi a Chabala anathawira kugalimoto n'kukasanza kuseri kwa tayala. Koma amuna awo anawomba m'manja.

"Manje uyu ndiye galu!" anatero, ndipo anagula Denja pomwepo osanenerera. Tinapangana kuti ndikamusiye kwawo mpanda wawo ukatha.

Nanga ndinalakwa pati? Inu mukukumbukira mmene atate anandigwiritsira mpeni kuti ndizinge kambuzi kanga kaja pamaliro a amalume. Ndinali wamng'ono kuposa Peace. Munandifunditsa chitenje chanu tsiku lonse ndikunjenjemera. Kodi ndinafa? Si ine ndili pano, mwamuna woima pandekha?

Denja atagulidwa, m'mawa mwake ndinapita ku Chongwe n'kugulira Peace nsapato zakuda za kusukulu ndi nyama ya ng'ombe, monga ndinalonjezera. Nyamayo sanaikhudze. Nsapato anangoziyang'ana. Ndinati, "Sunena zikomo?" Anatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Ndinkayesa ndi mwano, choncho ndinamuthyapako pang'ono ndi kamtengo. Misozi inkatsika, mawu ayi. Kuyambira tsiku limenelo sanalankhuleponso. Kusukulu aphunzitsi anamubweza kunyumba. Kuchipatala anamuunika pakhosi nati palibe chovuta. Wayambanso kukodza pamphasa, zimene anasiya kalekale. Ine ndikuganiza kuti mayi wake ndi amene akumulimbikitsa pofuna kundichititsa manyazi kwa anthu.

Tsiku limene ndinakasiya Denja ku Silverest, pobwerako ndinapeza nyumba ili zii. Anthu anati anawaona akukwera minibasi, mwana wamkulu chonchija atamubereka kumbuyo ngati khanda. Nsapato zija anazisiya pamphasa, zingwe zake zisanamasulidwe n'komwe. Asananyamuke, Jenala anatsegula makola onse a akalulu. Koma kalulu woweta sadziwa tchire. Pamene dzuwa linkalowa onse anali atabwerera okha, atakhala pakhomo la khola kudikira masamba. Ine ndinangowatola n'kuwatsekera. Mumuuze zimenezi Jenala, amva tanthauzo lake.

Pempho langa nali, alongo. Mvula ili pafupi, munda sunasosedwe, ndipo Shila ali ndi bere. Ana ake adzafuna akalulu ambiri, ndipo ine sindingamayende m'madimba ndi thumba kuthyola chisoso ngati mwana, anthu akundiona. Akwezeni basi abwere mwezi uno usanathe. Za mphika zija ndamukhululukira Jenala, za makola ndamukhululukiranso, ndipo sindidzazitchulanso ngati iye sazitchula. Akakana kubwera, akhale konko, akazi ku Chongwe sanathe. Koma mwana ndidzabwera kudzamutenga ndekha, ngakhale mutaima pakhomo inuyo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Norbert, ndipo muwauze kuti akafuna kagalu ndiwasungira kabwino. Moni kwa Salome ndi Tisauke, alimbikire sukulu. Kwa Jenala ndanena kale.

Kwa Peace sindidziwa kuti mupereke moni wotani. Ndamva kuti galu wa anansi anu akangouwa mwanayo amathamangira pansi pa bedi, ndipo kuti atuluke mpaka mumukoke. Tiagalu takumudzi tija, alongo, toonda tija! Muzigona naye pafupi. Amakonda kufunda mpaka kumutu, musamamuvundukule, ndipo akanyowetsa mphasa musamukalipire pamaso pa anzake. Tsiku limene adzatsegule pakamwa, mundilembere msanga mawu amene adzayambe nawo. Mulembe monga momwe adzawanenere, osakonza, ngakhale atakhala onena ine.

Ndine mlongo wanu,
Mervin.