Wofunsa Chifukwa Uja

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ndamva nkhawa yanu yoti mtsikana wathu walepheranso masamu a zilembo aja, ndipo bambo ake akuti angosiya sukulu. Chonde musafulumire, mwanayo mutu wake ndi wabwinobwino.

Ana a m'kalasi mwanga kuno ndi chimodzimodzi. Nthawi ija sukulu zitatsekedwa, tikuphunzitsa pa foni, iwo anangoloweza kuti nambala ikaoloka timizere tiwiri ta "=" tija imasintha chizindikiro, koma chifukwa chake sachidziwa. Akanafunsa bwanji? Ine ndinkangolankhula, foni nditaitsamiritsa pa chitini cha shuga, ana onse ali zii. Amene ankandipulumutsa anali mlamu wanu. Ankakuwa ali kukhitchini kuti, "Aphunzitsi, ife mbuli sitinamve! Chifukwa chiyani?" Ndiye ndinkabwereza, ana n'kupindula nawo.

Masamuwa ali ngati sikelo ya pamsika. Ukachotsa mbali ino, uchotsenso chimodzimodzi mbali inayo, apo ayi ipendekeka. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ine ndiliko. Chitini chija chikadali pomwepo, ndipo m'mawa ndimapezeka ndatulutsabe makapu awiri ngati kuti mlamu wanu akadali pano. Zinazo tidzakamba tikadzaonana.

Tayesani izi akaweruka: muuzeni alembe x + 3 = 7, inu mukhale mbuli, muzimufunsa chifukwa pa mzere uliwonse. Akasowa chonena, mundiimbire. Ngakhale ayankhe bwino, imbanibe, ndimveko munthu akufunsa.

Ndine mlongo wanu,
Mphunzitsi wa masamu uja