Mapiritsi anga sinditaya

Achimwene,

Landirani moni waulemu monga eni mbumba, ngakhale mbumbayo munaisiya kalekale. Amayi ali bwino, ukuwavuta ndi mwendo wokha.

Ine matenda aja anandigwiranso pa lole, tikupita kukavina kumsonkhano wa chipani. Mtima unagunda ngati ung'amba chifuwa, mpweya unakana kulowa, manja anachita zii. Ndinakuwa kuti anditsitse pa Chimbiya. Anyamata achipani anati ndikunamizira kudwala pokana kuvina, ndipo mukudziwa kumene amapita munthu wonenedwa zotere. Anandipulumutsa ndi adokotala a kumishoni, amene anati ndi nthenda ya nkhawa, nandipatsa timapiritsi toyera. Chiyambireni kumwa ndikugona tulo, ndipo dzulo ndapalira nyemba.

Tsono uthenga wanu wafika wakuti ndikataye mapiritsiwo m'chimbudzi, anditemere mphini, kuopa kuti anthu angati kwathu kuli misala, mwana wanu Rozina n'kusowa banja. Inu mwakhala phee ku Joni uko, wokwera lole ndine.

Sinditaya. Tumizani bulangete la amayi, kuno kwazizira. Mulungu akusungeni, koma za chifuwa changa musadzalamulenso.

Ndine mlongo wanu,
Velonika